Mpando Wachinayi wa a Zuze

Tsiku limene tinaika a Zuze m'manda, Lameki ndiye analankhula m'malo mwa achinyamata a pa Bangula. Anavala shati yakuda yobwereka, yomuthina m'khwapa, n'kuuza anthu kuti tataya mkulu wa asilikali athu, munthu amene timu yathu sidzamuiwala. Amayi ena ochokera ku Makhanga, kwawo kwa a Zuze, omwe sadziwa n'komwe kuti pa kompyuta pamakhala masewera, anakweza maliro poganiza kuti malemuwo anapitako ku nkhondo yeniyeni. Ine ndinaseka. Ndinayesa kutsekera m'manja koma zinatulukira m'mphuno, ndipo mkulu wa mpingo anandiyang'ana ngati ndatapa m'mbale ya chopereka. Sindinapepese. Bodza likanenedwa pamanda pafunika munthu mmodzi woliseka, kupanda apo limakwiriridwa limodzi ndi mtembo n'kusanduka mbiri.

Lameki yemweyo ndiye anawachotsa a Zuze pa mpando wawo. Mpando wake si wachifumu ayi, ndi wapulasitiki, wachinayi pa mipando ya timu yathu. Koma a Zuze analibenso mpando wina pa dziko lino.

Kuseri kwa shopu ya fotokope ya bambo ake a Lameki kuli kachipinda kamene muli kompyuta imodzi yakale, yolira ngati chigayo chakutali. M'menemo muli gemu ya nkhondo yosinthana. Pa sikirini pamaoneka mapu a dziko logawidwa tizigawo ngati zisa za njuchi, lokhala ndi mitsinje, mapiri ndi midzi. Timu imakhala ya anthu anayi, aliyense ndi mzinda wake, mfumu yake ndi asilikali ake. Munthu amakokera mpando wake pafupi, n'kuyendetsa asilikali ake mmodzimmodzi, akatha amadina batani lotsekera, mnzake n'kubwerapo. Ife timati umenewo ndi ulendo. Batani lija ukadina, zatha, sizibwereranso.

Popeza kompyuta ndi imodzi, timu ina ikamayenda ulendo wawo ife timatuluka panja, kuti tisaone zimene akubisa mu nkhungu ya pa mapupo. Timakakhala pansi pa mtengo wa nimu, n'kumajambula mapu athu pa fumbi ndi kamtengo, asilikali athu kukhala zitsekerero za mabotolo ndi nthanga za masau. Gemu yeniyeni imaseweredwa pamenepo. M'katimo n'kongodina.

Aliyense anali ndi kaseweredwe kake. Lameki, kaputeni wathu chifukwa kompyuta ndi ya kwawo, amakonda apakavalo ndi mapulani aataliatali amene amawafotokoza ataimirira, dzanja lina kumbuyo. Fainesi, mtsikana yekhayo m'timumo, amatola midzi mwakachetechete, kuunjika amauta, ndipo samenya nkhondo mpaka ataona kuti mdani wachepa kawiri. Ine, Yowasi, ndimakonda tiasilikali tothamanga tolowa kuseri, kutentha mudzi n'kuthawa. Aphunzitsi anga a ku sekondale anganene kuti sizodabwitsa.

A Zuze ankasewera ngati munthu wowolotsa anthu pa Shire, chifukwa ndiyo inali ntchito yawo moyo wonse, mpaka madzi atawalanda nyumba ndi mwadiya wawo, bwato lija la mtengo umodzi, ku Makhanga. Asilikali awo ankayenda pamodzi ngati banja lopita ku chipatala. Mmodzi akavulala, gulu lonse linkaima, wovulalayo n'kumubweza kwa asing'anga. Ankati bwato siliyenda ndi mphamvu za wopalasa koma ndi mtima wa wokwera wamantha kuposa onse. Ankatinso msilikali wovulala ndi katundu wako, usamusiyire mnzako wa tsidya kuti akutolere.

Musaganize kuti ndikunena kuti anali katswiri. Sanali. Tinaluza magemu ambiri chifukwa cha iwo. Ulendo wawo umodzi munthu ukanatha kupita kumsika, kugula nsomba, kukangana mtengo, n'kubwera kuwapeza akadaganizabe. Tsiku lina tinali titawapanikiza anyamata a ku depoti ya minibasi, kwangotsala kumaliza, a Zuze n'kukhala chete kulingalira koika msilikali mmodzi wa mkondo wothyoka mwendo. Magetsi anazima tisanaseve. Ntchito ya masana onse inapita. Fainesi anatenga zitsekerero zake n'kupita osatsanzika, ndipo a Zuze anati wolakwa ndi wozimitsa magetsi, iwo ayi. Sindinawamvepo akuvomera kulakwa, ngakhale kamodzi.

Kubwera kwawo m'timumo kunali kwa mkangano. Mpongozi wawo, amene ankawasunga pa Bangula, anawatuma kudzatchajitsa foni pa shopupo. Podikira anasuzumira m'kachipindamo n'kuona mtsinje pa sikirini, ine ndikuwolotsa asilikali anga pamalo pakuda bii.

"Nkhabe, mphale iwe," anatero m'Chisena chawo chosakaniza, kutanthauza kuti ayi, mnyamata iwe. "Pamenepo sawoloka. Sukuona kuti madziwo akhota?"

Ndinadina. Asilikali anga anawoloka bwinobwino, osanyowa ndi kabudula yemwe.

A Zuze anakwiya, osati ndi ine koma ndi kompyuta. Anati amene anapanga mtsinje umenewo sanamwepo madzi a m'mphuno. Mawa lake anabweranso, opanda foni, kudzatsutsana nawo mtsinjewo. Nthawi imeneyo mnzathu wina anali atapita kukagwira ntchito ku minda ya nzimbe, mpando wachinayi uli wopanda mwini. Tinawakhazika mongoseka. Anakhala zaka.

Maso awo anali ndi ng'ala, dzanja lawo linkanjenjemera, mausi ankawathawa pa tebulo. Choncho ine ndinali dzanja lawo ndi maso awo. Iwo ankaloza ndi chala chafodya, ine n'kumadina. Kupatsa ine ntchito imeneyo kunali ngati kusungitsa nsomba kwa mphaka, ndipo aliyense ankadziwa.

Ndinawauza tsiku lina kuti msilikali wawo wagwidwa ndi ng'ona pa gombe la mtsinje. Mu gemu mulibe ng'ona. Anagwedeza mutu ngati munthu amene zomwe ananena kale zachitika, ndipo kwa nthawi yaitali ankazungulira patali ndi malowo, kutichedwetsa tonse. Tsiku lina ndinati sing'anga wawo wamkazi sangayende chifukwa ndi woyembekezera. Ndinasinthanso maina a asilikali awo onse kukhala maina a akuluakulu a mpingo wawo, ndiye ndinkawerenga mokweza kuti mlembi wathawa nkhondo, msungichuma wamira. Akazindikira ankavula chipewa chawo cha mlaza n'kundikwapula nacho m'khosi.

"Iwe udzafera pakamwa ngati mlamba!"

"Mlamba umakoma, agogo."

"Umakoma ukafa. Dina apo."

Sindikudandaula nacho chilichonse cha zimenezi. Ankaseka kumapeto, mano awo atatu aja panja, ndipo pa Bangula ponse panalibe wina wowaseketsa.

Ndi Fainesi ankalimbana pafupifupi Loweruka lililonse. Sankafuna kuuzidwa zochita ndi mwana wamkazi, ndipo ankanena poyera. Ankamutcha mayi wa nkhokwe, ati amasunga asilikali ngati mapira a chaka cha njala. Fainesi sankawasekerera.

"Agogo, anthu anu aima pa doko kuyambira m'mawa. Akudikira minibasi?"

"Akudikira amauta ako, mayi. Kapena wawatsekera m'nkhokwe?"

"Anga sakwera bwato lobooka."

Koma pa fumbi paja, Fainesi akasowa chochita ndi mtsinje, ankafunsa iwo, nkhope atayang'ana kwina. Lameki yekha ndiye sankawafunsa kanthu. A Zuze ankati mapulani ake ali ngati ukonde wopachika m'sitolo, wokongola chifukwa sunanyowepo. Lameki ankaseka nawo, koma ankasunga.

Kamodzi kokha anandiuza chifukwa chimene ankabwerera. Tinali awiri pansi pa nimu, anzathu atapita kukagula madzi ozizira. Anati kunyumba kwa mpongozi ali ngati mtondo wong'ambika, wosatayidwa komanso wosasinjiramo. Akayamba kulankhula, wina amatsegula wailesi. Ku chipatala amaitana wotsatira iwo asanamalize kufotokoza pamene pakupweteka. Pa minibasi kondakitala amawakoka mkono. Koma m'kachipinda muja, ngakhale munthu akhale wothamanga bwanji, wophunzira bwanji, sangayende iwo asanati dina. Dziko lonse limaima, kudikira Zuze. Atanena zimenezo anafwenkha fodya, kuyetsemula, n'kunditukwana kuti ndaponda mzinda wawo pa fumbi.

Kenako kunabwera Joji, msuweni wa Lameki, kuchokera ku Blantyre. Zala zake zinali zothamanga, ndipo ankaima kumbuyo kwa mpando wachinayi n'kumapuma mokweza nthawi ya ulendo wa a Zuze. Mwezi womwewo anyamata a ku Nchalo, ana a makalaliki a ku esiteti ya nzimbe, anatumiza mawu kuti akubwera kudzationetsa mmene gemu imaseweredwera.

Lameki ananena pansi pa nimu, tonse tikumva.

"Madala, tisabisane. Timu yatopa n'kuluza. Tikaluza kwa a ku Nchalo, mpando mumupatse Joji. Tikawina, ndi wanu mpaka kale."

"Mpaka nditafa, ukutanthauza."

"Sindinatero, madala."

"Ndakuthandiza kunena. Chabwino, tapangana."

Anyamata a ku Nchalo anatsika minibasi Loweruka dzuwa likuswa mtengo, mmodzi atanyamula mausi yakeyake m'thumba, ati yathu ndi yamafuta. Ankalankhulana Chingerezi ngakhale popempha madzi. Mapu atatuluka, mzinda wa a Zuze unagwera pa doko, pamalo pokhapo powolokera, maso ndi maso ndi adani. Ife atatu tinali kumbuyo, kufupi ndi mapiri.

Pa fumbi Lameki anajambula pulani yake. A Zuze agwire doko, osasuntha, ife tisonkhanitse mphamvu kenako tibwere kudzawathandiza. A Zuze anavomera msanga, zomwe sizinali zawo, n'kunyamuka kupita kuseri kwa mpanda wa bango kukataya madzi. Atangokhota, Lameki anafufuta mzere uja ndi phazi n'kujambula wina.

"Thandizo kulibe," ananong'ona. "Asiyeni onse anayi aunjikane pa madala. Ife tizungulira kumapiri, tikapeza mizinda yawo ilibe munthu. Akamamaliza kudya madala, ife tadya mafumu awo."

Fainesi anayang'ana fumbilo. "Pulaniyi ndi yabwino," anatero, osakweza maso.

Ine ndinangotola zitsekerero zanga. Anthu amene amandidziwa amadziwa kuti ndikakhala chete pamakhala pakuphikidwa kanthu.

Tsiku limenelo a Zuze anasewera modabwitsa. Ulendo wawo unkatha msanga. Anandiuza kuti ndiike mfumu yawo m'mphepete mwa madzi, poonekera, ngati munthu wodzawothera dzuwa. Mabwato awo ankapita pafupi ndi tsidya la adani n'kubwerera, kupita n'kubwerera. Msilikali wa mkondo atavulala, ndinayamba kale kumukokera kwa asing'anga mwachizolowezi.

"Musiye pomwepo."

"Agogo, afa ameneyu."

"Ndati musiye. Dina, mphale."

Ndinaganiza kuti mantha a mpando awasokoneza mutu. A ku Nchalo anaona mfumu ya nkhalamba ili payokha ndipo anabwera onse, amikondo, amauta, chilichonse. Tikakhala panja tinkawamva m'katimo akuseka, ati gogo uja tamupeza. Ndipo ulendo uliwonse tikatuluka, a Zuze ankafunsa mokweza, mawu onjenjemera, mpaka kumveka pakhomo pa kachipindako.

"Lameki mwanawe, thandizo lija lili pati? Anthu anga akutha!"

"Likubwera, madala. Limbani."

"Fulumira, baba! Akangochedwa pang'ono awa, tiwapeza pamodzi!"

Nkhalamba yosaona ikupempha, mnyamata wovala wotchi akuinamiza, mtsikana akuwerenga nthanga za masau ngati sakumva. Mabwato a a Zuze anamira. Midzi yawo inapsa umodziumodzi, ine ndikudina ndi dzanja langa. Uku apakavalo a Lameki anali atazungulira mapiri onse, atabisala mu nkhungu, kwangotsala ulendo umodzi kuti alowe mumzinda woyamba wa adani, wopanda mlonda ndi mmodzi yemwe.

Ulendo umenewo utafika, Lameki anakokera mpando wake, kuwongola zala, kumwetulira. Pomwepo bambo ake anakuwa kutsogolo kwa shopu kuti pepala lakodwa m'makina, makasitomala akudikira.

"Osakhudza," anatero Lameki potuluka, akuloza ine.

Mawu amenewo anthu akhala akundiuza kuyambira ndili wakhanda, ndipo sanagwirepo ntchito. Ndinakhala pa mpando wa kaputeni, wofunda bwino. Ndinatenga apakavalo ake onse, mmodzimmodzi, kuwatembenuza, kuwatsitsa phiri, kuwalowetsa m'madzi a pa doko pakati pa adani ndi mfumu ya a Zuze. Fainesi anazindikira mochedwa.

"Yowasi! Yowasi, iwe, usadine!"

Ndinadina.

"Kwachitika chiyani?" anafunsa a Zuze, akutsinzinira pa sikirini.

"Thandizo lafika, agogo," ndinatero, chifuwa chili patsogolo.

Lameki analowa manja ali bii ndi inki, anayang'ana sikirini, anayang'ana ine, kukamwa kwake kukutseguka ndi kutsekeka ngati chambo cha pa mchenga. Ndaona zinthu zokoma pa moyo wanga waufupiwu, koma nkhope imeneyo ndidzapita nayo kumanda.

Kavalo m'madzi ndi nyama chabe. Amikondo a ku Nchalo anawabaya pa dokopo ngati akubaya mbuzi za ukwati. Choipa kwambiri, ataona kumene apakavalowo achokera, anazindikira zonse, theka la asilikali awo n'kuthamangira kwawo kukatseka mapiri. Mzinda wa Lameki, wopanda asilikali, unagwa woyamba. Wanga unatsatira. Fainesi analimba ndi amauta ake koma anamuzinga. Wotsala anali a Zuze okha, ndi apakavalo awiri opunduka amene anapulumuka pa doko.

Pamenepo anabwerera ku kaseweredwe kawo kakale. Anandiuza kuti ndibweze akavalo awiriwo kwa asing'anga. Anaganiza nthawi yaitali pa msilikali aliyense. A ku Nchalo anayamba kugogoda pakhomo, ati minibasi zitha, gogoyo angovomera kuti waluza. A Zuze anati auze kuti ulendo ndi wawo, adikire. Anadikira. Anyamata anayi a Chingerezi anakhala pa fumbi lathu, kutuluka thukuta, kudikira wowolotsa anthu wa ku Makhanga aganize. Mfumu yawo itagwa pomaliza, anati takhuta, zikomo ya Chisena, kwa mnyamata amene anaigwetsa, n'kutuluka.

Ndinawatsatira pansi pa nimu, ndikuyembekeza kuti mwina andigulira ndi chigumu chomwe.

"Wakutuma ndani?" anafunsa.

"Amakunamizani, agogo. Kunalibe thandizo. Munali nyambo."

"Ukuyesa sindinadziwe?"

Analoza mpanda uja ndi ndodo yawo, n'kupitiriza.

"Mpanda wa bango uli ndi makutu, ndipo ngakhale ndikanapanda kumva. Ndakola nyambo pa mbedza amako asanabadwe, ine. Ukuganiza mfumu ndinaiika padzuwa chifukwa ndapenga? Kukuwa konse kuja ndimakuwira Lameki? Ndimakuwira awo a m'katimo, kuti afulumire kundidya, asayang'ane kumbuyo. Anali atameza, mphale. Mbedza inali m'mimba."

"Ndiye mukanangofa iwo akuseka?"

"Ndikanafa timu n'kuwina. Tsiku limodzi lokha ndikanakhala munthu amene wawinitsa. Ukudziwa nyambo ukaichotsa pa mbedza imakhala chiyani? Nyongolotsi basi."

Ndinayembekeza chipewa m'khosi. Sanachivule n'komwe.

Lameki anabwera atasamba m'manja, Joji ali kumbuyo kwake. Sanakweze mawu. Anangoti pangano ndi pangano. Ndinamuuza kuti woluzitsa ndine, aliyense waona, achotse ine.

"Iwe ndiwe chitsiru, koma zala zako timazifuna," anatero. "Tinati tikaluza. Sitinati tikaluza chifukwa cha ndani."

Ndinayang'ana Fainesi. Iye ankatola nthanga zake za masau, imodziimodzi, mosamala ngati ndi mazira.

"Mwana wanena zoona," anatero a Zuze. "Tinapangana." Analowa m'kachipinda, anakankhira mpando wachinayi kwa Joji ndi phazi, n'kutenga ndodo yawo.

Tsono pali anthu amene amafuna kuti ndigwetse nkhope pa nkhani imeneyi. Lameki anandiuza pamaliro pomwe, tikusamba m'manja, kuti ndikanapanda kuchita zopusa madala akanafera pa mpando wawo. Adye yekha bodza limenelo. Joji anali atayamba kale kuphunzira mbali yachinayi m'mawa uliwonse a Zuze asanafike, ndinamupeza ndi maso angawa. Tikanawina, pulani ikanakhala ya Lameki, ulemu wa Lameki, ndipo mwezi wotsatira pakanapezeka pangano lina. Komanso Lameki sanadziwe kuti a Zuze akudziwa. Iye ankawanamiza ndi mtima wonse, moyera. Akanakhala munthu akanawauza pa fumbi paja kuti madala, tikufuna mutifere lero, ndipo a Zuze akanavomera akuseka, ine n'kudina mosangalala. Anasankha kudikira kuti nkhalamba ipite kukataya madzi. Apakavalo ake ndikanawamizanso lero, ndi mawa lomwe.

Chimene chimandiwawa n'choti a Zuze sanaone choncho. Anafa akuganiza kuti mpando anaulandidwa ndi ine.

Masabata oyamba ankabwerabe, n'kukhala pansi pa nimu nthawi ya mapulani. Ankayamba kunena za mtsinje, Joji n'kuwadula kuti nthawi, nthawi. Tsiku lina anaika chitsekerero chawo pa mapu a pa fumbi mwachizolowezi, Joji anachikankha ndi nsapato osayang'ana n'komwe kuti n'chandani. Sanabwerenso.

Ndinapitako kwa mpongozi wawo. Ndinawapeza kuseri kwa khitchini, pa mthunzi wopapatiza, akuingitsa nkhuku pa mapira oyanika. Ndinawauza kuti Joji waluza magemu onse, zomwe zinali theka zoona, ndiponso kuti Lameki wadwala m'mimba chifukwa cha manyazi, zomwe ndinapeka pomwepo. Sanaseke. Anafunsa ngati mayi wa nkhokwe akusungabe amauta ake. Ndinati eya. Anati mumuuze kuti mtsinje wa kumanzere kwa mapu aja aakulu asamauope, ndi wosaya. Ndinayamba kufotokoza za gemu ya dzulo lake, koma mpongozi anaitana kuti nkhuku zalowa mbali ina, ndipo anadzuka kukazithamangitsa. Chifuwa chinawatenga nyengo yotentha isanathe. Uthenga wa mtsinje ndinakamuuza Fainesi. Anauyesa, amauta ake anamira. Ngakhale pomaliza penipeni, a Zuze analakwitsa.

Joji sanakhalitse. Mvula isanagwe anabwerera ku Blantyre, ati gemu yathu ndi ya nkhalamba, iye amafuna zowombera. Lameki anafunsa anyamata angapo, palibe amene anafuna kukhala masana onse m'kachipinda kotentha. Ndiye anapeza njira: mbali yachinayi anaipereka kwa kompyuta, iziseweretsa yokha.

Mpando uja anautulutsa, uli kutsogolo kwa shopu, amakhalapo anthu odikira fotokope. Pamalo pake anaunjikapo makatoni a mapepala owonongeka, ndipo nkhuku ya amayi ake a Lameki yapeza poikira pamwamba pake. Pa fumbi timakhala atatu, mbali imodzi ya mapu sitijambulako kanthu, chifukwa kompyuta situluka panja ndipo siuza munthu zimene ikuganiza. Fainesi akadina batani lake, asilikali a mbali yachinayi amangoti phethi, onse asuntha, ovulala atsala kumbuyo okha, ulendo watha munthu usanakande ndi pamutu pomwe. Lameki amati tsopano gemu ikuyenda. Timamaliza dzuwa likadali pamwamba, n'kumayang'anana, kusowa kopita.